Mizere Isanu ndi Inayi ya Amalume

Mutu 6

1. Thanki yogona

Ku Mufakose, dera lina la mumzinda waukulu wa dziko la Ashona, madzi a m'mipopi amabwera kamodzi pa sabata, osanena tsiku, ndipo sakhalitsa. N'chifukwa chake anthu a mu msewu wa kwa a Eneles Marufu anagwirizana, nakumba chitsime, naikapo thanki yaikulu yachitsulo yochokera ku famu ina. Thankiyo inali yogona chammbali, ndipo palibe ankadziwa kuti mwatsala madzi ochuluka bwanji. Amayi ankaima pa mzere ndi zigubu maola awiri, kenako n'kumva kuti atha.

Eneles, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, analemba pulogalamu ya kompyuta yowerengera madziwo. Kachipangizo kena kankayeza kuya kwa madzi, pulogalamuyo n'kunena kuti mwatsala malita angati. Mutu anali nawo mwanayu, zimenezo tisamumane. Vuto linali lakuti iyenso ankadziwa kuti ali nawo.

Tsono kampani ina ya ku Msasa inalengeza kuti itenga achinyamata atatu okha, iwaphunzitse ntchito kwa zaka ziwiri. Ofunsira analipo makumi awiri. Aliyense anauzidwa kuti abwere Loweruka ku holo ina ya ku Kuwadzana, atatenga mafayilo a pulogalamu yake pamodzi ndi mbiri ya zonse zimene anasinthamo. Lamulo lalikulu linali lakuti palibe kuonetsera pa laputopu yako. Oyesawo amanga okha pulogalamuyo pa kompyuta yawo, anthu onse akuona. Ikakana, wabwerera kwanu.

Eneles anali atakhala pakhomo zaka ziwiri chimalizireni sukulu, akuthandiza amayi ake kugulitsa tomato ndi mazira pageti. Mwayi wina ngati umenewu sankauona pafupi.

2. M'kontena ya amalume

Lachitatu masana anatenga laputopu napita kwa amalume ake, Bambo Fanwell Mwale, mchimwene wa amayi ake. Iwowa anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, makolo awo atachokera ku Dedza. Pa famupo ankakonza mapampu ndi mawailesi. Ntchito itatha anabwera m'tauni, nakhala m'kontena yakale kuseri kwa masitolo, kukonza mafoni ndi makompyuta. Kulemba mapulogalamu anaphunzira okha, m'mabuku amene ena anataya. Ndiwonso anaphunzitsa Eneles.

Anavala magalasi awo omanga ndi waya, nayang'ana ntchitoyo nthawi yaitali.

"Wagwira ntchito, Enelesi," anatero. "Koma wayesa pa makina angati?"

"Pa yangayi. Ikuyenda bwinobwino, amalume."

"Khala pansi."

Eneles anakhala pa kreti, nkhope atayikwinya.

"Pulogalamu yakoyi ili ndi mbali ziwiri," anayamba amalume. "Mbali yowerengera malita unailemba m'chinenero cha C. Mbali yoonetsa pa sikirini unailemba m'chinenero cha C++. Kompaila imatenga zimene walembazo n'kuzisandutsa zidutswa zoti makina amve. Koma zidutswa si pulogalamu. Ziyenera kulumikizidwa, pamodzi ndi zina zimene iwe sunalembe, zobwereka ku laibulale. Masamu a thanki yogona ndi ovuta. Sunawalembe wekha, unabwereka. Ndikunama?"

"Ayi."

"Tsono nkhani yagona apa. Laputopu yakoyi, imene anakutumizira msuweni wako wa ku Joni, ili ndi kompaila yotchedwa Clang, ndipo pa makina a mtundu umenewu masamu amalowa okha osaitanidwa. Makompyuta ambiri a m'makampani ali ndi kompaila ina, GCC. Kumeneko ukamalumikiza za C++ masamu amabwera okha, koma ukamalumikiza za C uyenera kuwaitana ndi dzina. Ukapanda kuwaitana sabwera, ndipo pulogalamu siimangika."

Anakoka laputopu natsegula fayilo ya CMake, imene imauza makina dongosolo lomangira pulogalamu. Analemba ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, mizere isanu ndi inayi. Inayi inali malamulo ouza makina kuti ayambe aona chinenero ndi kompaila, kenako asankhe kalumikizidwe. Isanu inali ndemanga zofotokozera munthu. Ndemangazo anazilemba m'Chichewa, ndipo ngakhale dzina limodzi m'kati mwa malamulowo analitcha MASAMU_A_THANKI.

Eneles anayang'ana kumbali. "Amalume, bwanji osalemba m'Chingerezi?"

"Makina sawerenga ndemanga. Ndemanga ndi za munthu, ndipo munthu wake ndi iwe. Ndalemba m'chinenero chimene ndimaganizira kuti ndisakunamize. Ukaziwerenge. Ukazimvetsa, uzisinthe kukhala Chingerezi, Chishona, kaya Chitchaina, zili kwa iwe."

Anavula magalasi.

"Ndikuuze, mwana iwe. Pa famu paja tinali ndi mapaipi a mitundu iwiri. Akale anali oyezedwa m'mainchi, atsopano m'mamilimita. Ukawayang'ana ndi maso ndi ofanana, koma sagwirana. Ine ndinali ndi chitini cha tizitsulo tolumikizira, todzimbirira, tonyansa. Kunabwera kamnyamata ka ku koleji kudzayang'anira ntchito. Kanaona chitinicho, sikanafunse munthu, kanachitaya kudzala kuti m'shedi muoneke bwino. M'shedi munaonekadi bwino. Patapita sabata paipi inaphulika, dzuwa lili pamutu, ndipo nazale yonse ya fodya inauma tikufufuza kudzala ndi manja. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo, Enelesi. Chinthu chimene sukuchimvetsa usachichotse. Funsa. Ndipo pulogalamu ukamaimanga sumangira makina ako, umamangira makina a anthu ena amene sunawaone. Lachisanu ubwere nayo, tidzaiyese pa kompyuta yanga yakaleyi. Ili ndi GCC. Magetsi akathima ndikusungira batire."

"Ndamva, amalume," anatero Eneles, akutseka laputopu mawuwo asanathe bwino.

3. Zimene Dolly anaona

Lachisanu m'mawa kunabwera Dolly, mnzake wa kusukulu, yemwenso ankapikisana nawo. Atsikanawa ankalankhulana Chishona, ndipo kwa Dolly ndi kwa anzake onse, Eneles anali Nelly. Dzina la Eneles, la agogo ake, ankalisiya pageti akamatuluka. Bambo ake, omwe anamwalira iye ali wamng'ono, anali Mshona, choncho dzina la Marufu linkamuphimba bwino.

Atsikana awiriwo anakhala pakhonde akuonetsana ntchito zawo. Dolly anatsegula fayilo ija naima.

"Ko, chii ichi, sha?" anafunsa, akuseka. "Chinenero chanji chimenechi?"

"Ndi amalume analemba."

"Sekuru a m'kontena? Iwe, ukudziwa kuti mawa mafayilo onse awaonetsa pakhoma ndi pulojekita? Holo yonse iwerenga. Ine ndilibe nazo vuto, ndimakudziwa. Koma kukubwera anyamata a ku Sunningdale aja, ndipo pakamwa pawo ukupadziwa."

Eneles ankapadziwa. Ali sitandade faifi, amayi ake anabwera kusukulu kudzamupatsa juzi, namuitana pazenera kuti, "Enelesi, mwanawe, kwazizira!" Chaka chonsecho ana ankamutcha mubhurandaya, mawu onyoza anthu ochokera ku Malawi. Ankamufunsa kuti kwawo ndi famu iti. Zinamupweteka kwambiri, ndipo bala limenelo silinapole. Ameneyo ndi mlandu wa anawo ndi wa akuluakulu amene anawaphunzitsa chipongwe, si wa Eneles. Koma zimene anachita Dolly atachoka ndi mlandu wake.

Kumasulira ndemanga zisanuzo ndi ntchito ya mphindi khumi. Koma kuti umasulire uyenera kuwerenga, ndipo Eneles sanali atawerenga. Chichewa ankachimva ndi makutu, cholembedwa chinkamuvuta, ndipo kukafunsa kunatanthauza kukhalanso pa kreti kumvera nkhani za mapaipi. Anasankha mizere yonse, ndemanga ndi malamulo omwe, naifafaniza.

Anamanga pulogalamu. Inamangika. Anaiyendetsa. Inayenda ngati kale.

"Nkhalamba zimakonda kuopseza," anatero yekha.

Posunga kusinthako m'mbiri ya mafayilo pamafunika kulemba chifukwa. Analemba mawu awiri a Chingerezi, removed rubbish, kutanthauza kuti ndachotsa zinyalala. Kenako anatumizira amalume uthenga pa foni wakuti zonse zili bwino, napita kukalukitsa tsitsi.

Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Bambo Mwale anabweza anthu awiri ofuna kutchaja mafoni tsiku limenelo, kusungira batire mwana wa mlongo wawo. Anadikira mpaka nthawi yotseka.

4. Pakhoma la holo

Loweruka amalume anatseka kontena, tsiku limene kumabwera makasitomala ambiri. Anavala jekete lawo la kutchalitchi nakwera kombi limodzi ndi Eneles. M'njira anamufunsa kamodzi kokha chifukwa chake sanabwere dzulo. Iye anati anatanganidwa.

Atafika pakhomo la holo, Eneles anati, "Amalume, makolo akuti azikhala kumbuyo."

Palibe amene ananena zimenezo. Bambo Mwale anaona makolo ena atakhala kutsogolo, koma sanatsutse. Anakakhala pa benchi yomaliza, chipewa chili pamaondo.

Oyesa analipo awiri. Mayi Iris, mkulu wa amisiri a kampaniyo, ndiwo ankafunsa mafunso. Bambo Bruno ankakhala pa kompyuta. Zonse zimene ankachita zinkaoneka pakhoma, zilembo zikuluzikulu.

Eneles anali wa nambala leveni. Anafotokoza za thanki yogona ndi za mizere ya amayi a zigubu, m'Chingerezi chosalala. Mayi Iris anagwedeza mutu nalemba kanthu papepala. Aka kanali koyamba kuti alembe chiyambireni m'mawa.

"Ntchito yothandiza anthu imeneyi," anatero. "Tiyeni tiimange."

Bambo Bruno analamula makina. Mizere inayamba kuthamanga pakhoma. Mbali yoonetsa pa sikirini inamangika. Itafika mbali yowerengera malita, makina anaima, nalemba kuti masamu amene pulogalamu ikufuna sakudziwa kowapeza.



"Pa laputopu yanga imayenda," anatero Eneles.

"Sindikukana," anayankha Mayi Iris. "Koma ino si laputopu yanu. Ndikupatsani mphindi zisanu. Khalani apo mukonze."

Eneles anakhala pa mpando wa Bambo Bruno. Ankadziwa kuti yankho linali m'mizere ija. Ankakumbukira kuti munali mawu akuti masamu, ndi C, ndi GCC. Koma kalembedwe ka malamulowo sankakadziwa, chifukwa sanawayang'ane ngakhale kamodzi. Analemba china, makina anakana. Analemba chinanso, anakananso. Holo yonse inkaona kulakwitsa kulikonse pakhoma.

"Nthawi yatha," anatero Bambo Bruno.

Mayi Iris sanali munthu wankhanza. Anafuna kumuthandiza, ndipo thandizo lawolo ndi limene linamumaliza.

"Munthu wolemba masamu otere sangaiwale chinthu ngati chimenechi," anatero. "Mwina chinafufutika mwangozi. Bruno, tsegulani mbiri tione."

Mbiri inatseguka. Pakhoma panaoneka mizere isanu ndi inayi yofiira, chizindikiro chakuti inachotsedwa. Woyamba unkati: "Ngati chinenero ndi C ndipo kompaila ndi GCC, itana masamu ndi dzina." Womaliza unkati: "Enelesi, usachotse izi usanandifunse." Pamwamba pake panali tsiku la dzulo ndi mawu awiri aja.

Mnyamata wina anayamba kuwerenga mokweza, akupotoza lilime dala, anzake n'kumaseka. Mayi Iris anamuyang'ana mpaka anakhala chete.

"Chinenero cha ndemangazi sindichimva," anatero, "koma malamulowa ndikuwamva. Amene analemba izi amaidziwa ntchito. Wasiyanitsa chinenero, wasiyanitsa kompaila, sanasiye mpata. Ndili ndi anthu a madigiri amene sangalembe chonchi. Analemba ndani?"

Eneles sanacheuke. Ankadziwa bwino lomwe amene anakhala pa benchi yomaliza. Anamvanso anyamata aja akunong'onezana kumbuyo kwake.

"Ndinazipeza penapake pa intaneti," anatero.

Mayi Iris anayang'ana pakhoma, nayang'ananso mtsikanayo. "Pa intaneti pamene akudziwa za thanki yanu?"

Kenako Mayi Iris anatembenukira kwa Bambo Bruno.

"Bwezeretsani mizereyo, Bruno. Ndikufuna onse aone."

Bambo Bruno anaibwezeretsa nalamulanso makina. Pulogalamu inamangika yonse osadodoma, niyamba kuonetsa malita pakhoma. Palibe anaomba m'manja.

Mayi Iris anatembenukira ku holo yonse.

"Ndilankhule kwa nonsenu, chifukwa ambiri mwa inu mukadachita zomwezi. Kuntchito kwathu mudzapeza mafayilo olembedwa zaka makumi awiri zapitazo, ndi anthu amene simudzawaona. Mudzapezamo mizere yosaoneka bwino, yooneka ngati yopanda ntchito. Mzere uliwonse wotero unalembedwa tsiku limene chinachake chinawonongeka, munthu wina n'kutuluka thukuta kuti chisadzawonongekenso. Munthu wosadziwa ndingathe kumuphunzitsa. Wolakwitsa ndingathe kumukhululukira, inenso ndimalakwitsa. Koma munthu amene amachotsa chinthu asanachimvetse, osachiyesa pa makina ena, n'kuchitcha zinyalala, kenako n'kundinamiza pamaso pa anthu, ameneyo sindingamupatse makiyi a ntchito ya anthu ena. Marufu, pulogalamu yanu ndi yabwino kuposa zonse zimene ndaona lero. Zikundiwawa, koma sitikutengani. Wa nambala thwelofu abwere."

5. Pa siteji ya makombi

Eneles anatuluka osadikira Dolly. Maso ake anali odzaza misozi moti anagunda chitseko ndi phewa. Atayang'ana pa benchi yomaliza, panalibe munthu.

Anawapeza pa siteji ya makombi, ataima pansi pa mtengo, jekete atalipinda pamkono. Oitanira anthu ankakuwa mayina a malo, mayi wina ankawotcha chimanga, dzuwa linali likuswa mtengo. Bambo Mwale ankangoyang'ana msewu.

Mwayi wa ku kampani uja unali utapita. Lolemba Eneles adzakhala pagetinso ndi tomato, ndipo anthu a mu msewu adzafunsa. Zimenezo ankazidziwa, ndipo zinkamuwawa. Koma ataona nkhope ya amalume anachita mantha a mtundu wina. Anayembekeza kuti amukalipira. Anafuna kuti amukalipire, anene miyambi yonse imene ali nayo, abwerezenso nkhani ya mapaipi kuyambira pachiyambi.

Anayandikira napinda manja ake mwaulemu.

"Amalume, pepani. Ndinachita manyazi ndi anyamata aja. Sindimafuna kuti..."

Kombi ya ku Mufakose inaima patsogolo pawo, woitanira n'kutsegula chitseko.

Bambo Mwale anatembenuka. Chibadwireni Eneles, munthuyu anali asanamulankhulepo chinenero china koma Chichewa, ngakhale m'basi, ngakhale pakati pa anthu, ngakhale iye akuyankha m'Chishona. Tsiku limenelo anamuyang'ana mwaulemu, monga amayang'anira kasitomala wobweretsa foni, nalankhula Chishona chomveka bwino.

"Enda hako kumba, Nelly. Ndichatevera."

Anamuuza kuti azipita kunyumba, iwo abwera pambuyo. Anavala chipewa nawoloka msewu, kulowera kumene sikunali kwawo.

Eneles anakwera yekha. Njira yonse anagwira laputopu pachifuwa, nkhope ataibisa kuzenera.

Atatsika, anaona kuti pageti pali anthu. Amayi ake anali atachotsa tebulo la tomato msanga, ndipo amayi anayi a mu msewu, omwe aja a zigubu, anali atakhala pa mphasa kudikira nkhani. Mmodzi atamuona patali anayamba kululutira.

Amayi ake anaimirira akumwetulira. Anayang'ana nkhope ya mwana wawo, kumwetulira kuja n'kutha. Anayang'ana kumbuyo kwake, msewu wonse mpaka kokhotera.

"Enelesi," anatero motsitsa mawu, "achimwene wawasiya kuti?"